Timabowo Tinayi Pamimba pa Tabeth

Chinsapo, Lilongwe
8 Meyi 2023

Alamu anga a Benedicto,

Moni kumeneko ku Mkanda. Ine kuno ndili bwino zedi, ndanenepa moti yunifolomu yaulonda ikukana mabatani, abwana akuganiza zondisokera ina ya nsalu ya tenti. Kaya inu ndi timiyendo tanu ta udzudzu tija? Ana ali bwanji? Fodya akuuma bwino m'chigafa?

Ndikulemba kalata ngati m'nthawi ya atsamunda chifukwa cha inu. Munthu wamkulu ndi ndevu zanu kugwetsera foni m'chitsime! Mwayi wanu a Sufiyan a golosale amabwera kuno Lolemba ndi Lachinayi kudzapikula katundu, ndiye positi ofesi yathu ndi iwowa.

Mkazi wanu, mlongo wanga Tabeth, anafika bwino Lachinayi lija. A Sufiyan anamuyalira matiresi kumbuyo kwa pikapu yawo n'kumufikitsa pakhomo penipeni pa chipatala. Nditafuna kuwapatsa ya mafuta anandikalipira ngati ndawatukwana. Mulungu awasunge.

Madokotala amuunika ndi makina. Sanalodzedwe ayi, muwauze azakhali anu apume. Ndi miyala, ili mu ndulu. Miyala, alamu! Zaka zonsezi mumamudyetsa chiyani mlongo wanga? Ndinaiona ndi maso anga pachithunzi, ikhoza kukwanira maziko a bafa.

Mawa m'mawa akulowa ku opareshoni. Ndafunsa anzanga odikirira odwala, andiuza kuti amang'amba kuyambira pachifuwa mpaka kumunsi kwa mchombo ngati mmene timatumbulira mbuzi ya Khirisimasi. Matumbo amawaika kaye m'beseni, akatha n'kusoka ndi ulusi wa mabelo a fodya. Ndiye konzekani, mkazi wanu akubwera ndi chipsera chotalika ngati msewu wa Kamwendo. Musakomoke. Ine sindikuopa, mukundidziwa, ndinagwirapo akuba asanu ndi dzanja limodzi, linalo ndikudyera chimanga chootcha.

Ine mlamu wanu wokongola kuposa inu,
Zakeyu

Chinsapo
11 Meyi

Alamu,

Moni nonse. Landirani mkazi wanu, a Sufiyan akumubweretsa limodzi ndi kalatayi. Masiku awiri okha, munthu akuyenda yekha! Muwerengere mudzi wonse kalata ino, amve zimene zikuchitika m'tauni.

Zong'amba zija iwalani, anzanga aja ndi achikale. Kuno kunabwera njira ina, dzina lake akuti laparosikope, ndinaliyesa katatu lilime linakokana. Dokotala wake ndi mayi wochepa thupi, manja ngati a mwana wa sukulu. Anandiitana ine monga mwini mbumba n'kundifotokozera, ndipo ndinamva zonse kamodzi n'kamodzi.

Anamugoneka tulo. Anaboola pamchombo kabowo kongokwanira chala, n'kulowetsapo paipi, n'kupopera mpweya mpaka mimba inafufuma ngati mpira, akuti mkati mukhale malo oonera. Kenako analowetsa kamera yowonda ngati cholembera, ya nyali kumapeto. Anaboolanso timabowo titatu cha kumtunda, n'kulowetsamo tizitsulo tatitali ta milomo ngati nkhanu. Ndiye tamverani izi: dokotalayo sayang'ana wodwala ayi. Maso ali pa TV ngati akuonera mpira, manja akugwira ntchito m'mimba mwa munthu. Palinso kapaipi koyamwa madzi ndi timagazi totayikira mkati, akuti kamalira kuti fyooo. Ndulu yonse ndi miyala yake anaiika m'kathumba n'kuisolola pamchombo pomwepo. Ine ndinawerenga miyala makumi anayi. Nesi akuti khumi ndi inayi, koma amavala magalasi.

Malamulo a dokotala ndi awa. Asasinje, asasenze ndowa mwezi wathunthu. Zamafuta apume kaye. Akamadandaula phewa musathamangire kwa sing'anga, ndi mpweya uja, utha wokha. Tsono mtondo ndi munsi ndi zanu, alamu. Ndikanakhala pafupi ndikanabwera ndi mpando kudzaonerera.

Zakeyu, amene tsopano ndi theka la dokotala

Mkanda
14 Meyi

Alamu a Zakeyu,

Moni. Ife tili bwino pang'ono. Ana akupereka moni. Fodya tikusankha.

Tabeth anafika bwino, tikuthokoza Mulungu ndi inu. Koma kuno kwavuta. Makalata anu onse awiri ndinawerengera anthu. Lachisanu amayi a kumpingo anabwera kudzazonda. Mukudziwa kuti munthu akachokera ku opareshoni amayi anzake amalowa naye m'nyumba kukaona chilonda. Analowa khumi ndi awiri. Anapeza timapulasitala tinayi. A Esitele, akazi awo a Pius, amene anang'ambidwa katatu pobereka ku Boma, anamasula chitenje n'kuonetsa chipsera chawo, amvekere, "Opareshoni ndi iyi. Zakozo ndi pobaya." Anafunsa kuti msewu wa Kamwendo uja uli pati. Tabeth anayesa kufotokoza, iwo akuti iwe unali m'tulo, ukudziwa chiyani.

Tsono mwezi uno kukumveka za anamapopa cha kumalire kuno, ena akuti m'midzi ina anthu asiya kugona m'nyumba kuopa kupopedwa magazi. Anthu ayamba kulumikiza. Paipi, kupopa, kuyamwa, munthu kubwera wotuwa, ndulu osabwera nayo. Anamutenga ndani? Sufiyan. Anamubweza ndani? Sufiyan. N'chifukwa chiyani anakana ya mafuta? Akuti anali atalandira kale kutsogoloko. Dzulo pagolosale pake sipanafike munthu. Iye sakudziwa kanthu, akuyesa ndi chifukwa fodya sanagulidwe. Ndikumupatsa kalatayi m'manja ndikuchita manyazi.

M'buku la kuchipatala la Tabeth analembamo Chingerezi cha madokotala, palibe akuchiwerenga. Chonde pitani mukatenge pepala la chidindo, lolembedwa m'Chichewa, lonena zimene anachita. Ndi miyala ija ngati ilipo. Mutumize ndi iye mawa lomwe. Ine kuno ndine mkamwini, mawu anga salemera. Musaseke, alamu.

Benedicto

Chinsapo
15 Meyi

Alamu,

Moni. Munati ndisaseke, pepani, ndaseka mpaka galu wa abwana wathawira pansi pa galimoto. Anamapopa! A Sufiyan ali pano akumwa tiyi wanga, ndawayang'anitsitsa, munthu woti ngakhale nkhuku amapepesa asanaizinge. Sindinawauze, ndingawatsamwitse ndi mandasi.

Muwauze a Esitele kuti inde, tinapopa. Zigubu zitatu. Chimodzi tinatumiza kwa azungu pa ndege, china tinapentera geti la abwana, chachitatu a Sufiyan akuthira mu injini, n'chifukwa chake pikapu yawo imakwera chitunda osasintha giya. Sabata yamawa tikubwera kudzapopa a Esitele eni ake, thupi lija likhoza kudzaza thanki. Inu musaope, mwa inu mungatuluke supuni imodzi.

Za pepala, lero ndili pantchito tsiku lonse, ndipo mzere wa kuchipatala uja umafika ku Dedza. Ndipita Lachitatu, mudzalandira Lachinayi. Miyala ndili nayo m'kabotolo, ndikuonetsa kaye alonda anzanga, ena akubwera kuchokera ku Kawale wapansi kudzaiona. Mtima m'malo, alamu. Anthu akwathu ndimawadziwa ngati m'thumba mwanga. Amabwebweta masiku atatu, kukangobedwa mbuzi nkhani yasintha.

Mkulu wa anamapopa m'chigawo chapakati,
Zakeyu

Chinsapo
20 Meyi

Alamu,

Moni. Mwafa kodi? Lachinayi ndinadikira a Sufiyan paholoselo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, pepala lili m'manja, chidindo chofiira ngati diso la chidakwa. Sanabwere. Foni yawo ikungoti siikupezeka. Kapena akwatira wachiwiri? Ngati mwakwiya ndi supuni ija ndawonjezera, zikhale ziwiri. Pepalalo ndaliika muno, ndapatsira kondakitala wa minibasi ya ku Boma kuti apereke kwa wa kabaza wa ku Mkanda. Yankhani, ndikufuna kumva ngati mwaphunzira kusinja.

Zakeyu

Chipatala cha pa Boma, Mchinji
19 Meyi

Achimwene,

Moni. Ine sindili bwino, ndili m'chipatala. Nambala yanu sindiidziwa pamtima, inapita ndi foni ija. Ndikupatsira mayi wina wogulitsa mtedza amene akubwera ku Chinsapo Lamlungu.

Kalata yanu ya zigubu alamu anu anaiwerenga m'chigafa Lachiwiri. Amati anthu aseke, nkhani ithe. Sanaseke. A Pius anawalanda pepalalo n'kuliika m'thumba, akuti umboni.

Lachitatu linali tsiku la msika. Cha m'ma teni a Sufiyan ankatsitsa katundu pagolosale. Anthu anabwera, a Pius patsogolo, akuti tione m'galimoto. Anapezamo zigubu zitatu za mafuta ophikira ndi paipi imene amakokera petulo. Basi. Mwala woyamba unawapeza a Sufiyan pakamwa. Anagwa, anadzuka, anathamangira kuseri kwa chigayo, anawagwira komweko. Anawakoka miyendo, mutu ukugunda pansi, mpaka pakati pa msika. Zibonga, njerwa, mipini ya makasu. Anthu omwewa amene amagula mchere kwa iwo tsiku ndi tsiku. Pikapu anaigubuduza n'kuiyatsa. A Ashura, akazi awo, anatuluka akulira, wina anawagenda njerwa paphewa, fupa linathyoka.

Achimwene, chimene ndikulembera ndi ichi. Alamu anu analipo. Anayamba ndi kuleretsa. A Pius anawagwira malaya pakhosi, amvekere, "Mkamwini iwe, unagulitsa nawo magazi a mwana wathu. Ngati sunadye nawo, menya." Anawapatsa mtengo wa m'chigafa. Anthu anawazungulira. Anamenya. Kamodzi, m'nthiti zakumanzere. Ndinaona ndi maso anga, ndinali nditangotsika pa kabaza.

Ena anali atabweretsa kale tayala ndi udzu. Ndinadutsa pakati pawo n'kugona pamwamba pa a Sufiyan. Ndinati yatsani tonse. Chibonga china chinandipeza kumsana, kabowo ka pamchombo kanatseguka, magazi mpaka chitenje chonse kunyowa. Ndinadzutsa mutu, ndinati taonani a Esitele, magazi munati anapopa aja, nanga awa akuchokera kuti? Anaima kaye akuyang'anizana. Apolisi anafika nthawi yomweyo.

Ine andisoka, akuti ndichira. A Sufiyan anawatumiza kumeneko tsiku lomwelo, kuchipatala chomwe chija, akuti kapamba waphulika. Ali pafupi ndi inu. Pitani. Apolisi atenga a Pius ndi ena asanu ndi mmodzi. Alamu anu sanatchulidwe, ndipo kuno sanafike. Ndamva kuti akungokhala m'chigafa, sakudya.

Nthabwala zanu ndinakula nazo, achimwene, koma pano zikhale kaye.

Tabeth

Chinsapo
21 Meyi

A Benedicto,

Moni ndilibe lero.

Ndachokera kuwodi kwa a Sufiyan. Ndinamudutsa kawiri osamuzindikira, mpaka a Ashura anandikoka malaya ndi dzanja lawo lotsalalo. Masiku anayi munthu ali pano, ine ndikulemba kuti wakwatira wachiwiri. Mutu watupa ngati dzungu. Diso limodzi akuti silidzaonanso. Mano apamwamba anatsala pamsika pa Mkanda. Iyeyu sanamuboole timabowo. Dokotala uja wandiuza kuti munthu akamataya magazi mkati chonchi palibe nthawi ya kamera, anachita kumutsegula mimba yonse, kapamba anamutola m'zidutswa. Nthiti zitatu zathyoka. Zakumanzere, a Benedicto.

Nditawerenga kalata ya Tabeth ndinanola chikwanje cha kuntchito mpaka chikumeta ubweya wa pamkono. Ndinati ndikwere minibasi ndidzakuduleni dzanja limenelo, ndikalipachike pa chigayo ana azilozerana. Ndinafika nacho mpaka kudepoti, chili m'thumba la feteleza. Ndili pamenepo ndinakumbukira kuti ngati tayamba kudula manja, loyamba ndi langa, limene linalemba zigubu zitatu. Munandiuza kuti ndisaseke. Munandiuza kuti mawa lomwe. Ndinabwerera.

Tsono tamverani bwino. Penapake mkati pakudonthabe, akufuna kumulowetsanso ku opareshoni Lachitatu m'mawa. Magazi m'chipatala ndi ochepa, akuti abale abweretse anthu anayi opereka. A Ashura sangathe. A Osman, achimwene awo a Sufiyan, apereka. Ine ndapereka. Mlonda mnzanga Kwacha wapereka. Alonda enawo, amuna a zibonga ndi mawisilo, atamva za singano aliyense wayamba malungo. Watsala mmodzi. Ndifunafunabe, koma malo amenewo ndi anu. Mukapeza wina kumudziko wofuna kuona mmene amapopera magazi zenizeni, bwerani naye, aone masana dzuwa likuswa mtengo.

Kalatayi Kwacha akubweretsa yekha mpaka m'chigafa mwanumo. Musamuuze kuti mulibe magazi.

Zakeyu

Chinsapo
25 Meyi

Tabeth mlongo wanga,

Moni iwe mkango wa ku Mkanda. Pamchombo pakuuma? Kumsana kukutani? Ndauza wodi yonse kuti mlongo wanga anaimitsa anthu zikwi ziwiri ali ndi mimba yoboola. Usandiuze kuti anali angati, ndizisiya choncho.

A Sufiyan ali moyo. Ndayamba ndi zimenezo kuti uwerenge zotsalazo utakhala pansi bwino.

Mwamuna wako anafika Lachiwiri masana. Kwacha akuti anayenda naye nyumba ndi nyumba kupempha woti abwere nawo, aliyense anali ndi fodya wosankha. A Esitele anayankhira pazenera kuti apemphera. Anabwera yekha, maso atalowa mkati, malaya ake omwe aja ong'ambika pakhosi. Sindinamupatse dzanja. Ndinamutengera molunjika kuchipinda chopereka magazi. Nesi atangotulutsa kapaipi, munthu anayamba kunjenjemera mpaka bedi kumveka kunja.

Nesi anati, "Bambo, mukuopa?"

Iye anati, "Eya."

"Ndiye tisiye?"

"Ayi. Popani."

Thumba linadzaza. Podzuka anagwa ngati belo la fodya, tinamutsitsimutsa ndi tiyi.

Lachitatu a Sufiyan anawalowetsa ku opareshoni. Maola anayi. Ine, a Osman ndi mwamuna wako pabenchi limodzi. Ine Zakeyu, maola anayi pakamwa potseka, ulembe pakalendala. Dokotala atatuluka anati apeza pamene pankadontha ndipo amanga. A Osman anayala jekete pansi pomwepo n'kugwada. Ine ndinapita kuseri, m'maso munalowa fumbi.

Lero m'mawa a Sufiyan anatsegula diso. A Ashura anawanyowetsa milomo ndi thonje. Mawu akutuluka movutikira chifukwa cha mano, koma anamveka. Choyamba anafunsa za iwe, anati, "Mayi Tabeth alipo?" Ndinati alipo, akulamulira manesi pa Boma. Ndinawauzanso za kalata yanga ija, yonse, sindinachotse kapena kuwonjeza. Anatseka diso, n'kulitsegulanso. Kenako linapita kwa mwamuna wako, amene anaima kumiyendo kwa bedi, thonje likadali pamkono.

A Osman anati, "Awa ndi amene apereka thumba lomaliza."

A Sufiyan anamuyang'ana nthawi yaitali. Anati, "Ndinakuonani, a Benedicto." Basi. Anatembenukira kukhoma.

Mwamuna wako ndinamupeza panja atakhala pamwala. Akuti mawa akukadzipereka kupolisi pa Boma. Ndinati palibe wakutchulani. Anati, "Sufiyan anaona. Tabeth anaona." Sindinamutsutse. A Ashura akuti ku Mkanda sadzapondakonso, katundu wawo wotsala a Osman akatenga.

Ndiye mawa tikwera minibasi yoyamba, awiri. Kalatayi ifika lero ndi dalaivala wa ambulansi kuti ukhale ndi nthawi yoganiza. Asanapite kupolisi wapempha mphindi zisanu kuwodi kwako. Sindinamulonjeze kanthu. Ndidzayamba ndine kusuzumira pakhomo, iye ali kumbuyo kwanga. Usavutike kuyankhula, ungondiuza ndi mutu. Ukavomera alowa. Ukapukusa, ulonda ndi ntchito yanga, sadutsa.

Achimwene ako,
Zakeyu